Kodi asilikali a ku America akubisa ma alien kapena akubisa ndege zawo zomwe?

Kondwani25: Abale pagulu pano, ndani waonera kanema akuzungulira uja wa msilikali wa ku America akulumbira pamaso pa aphungu? Dzina lake David Grusch, anali Major ku gulu la nkhondo la m'mlengalenga, anagwiranso ntchito za ukazitape. Pa 26 July 2023 anauza komiti ya Nyumba ya Malamulo yakwawoko kuti boma lawo lakhala likutola zombo zakugwa zomwe sizinapangidwe ndi anthu, mwinanso anapezamo matupi oti si a anthu. Munthu wachita kulumbira, akudziwa kuti akanama ndende ikumudikira. Inu amene mumatiseka tikamakamba za ma alien, lero muti chiyani?

NaBanda wa ku Chilomoni: Wayambanso Kondwani. Sabata yatha anali mapiramidi kkkkk

Mtolankhani: Msonkhano umenewo ndinaumvetsera wonse, osati kachidutswa ka pa TikTok kokha. Za matupizo anavomera yekha kuti sanawaone ndi maso ake. Anati anafunsa anthu oposa 40 pa zaka 4, ndipo ndi iwowo amene anamuuza. Mafunso olemera onse ankangoyankha kuti zimenezo angakazinenere m'chipinda chotseka. Kandimverere anakanena za m'maluwa, achimwene. Munthu akhoza kulumbira ndi mtima woona pa zinthu zoti naye anachita kunamizidwa.

Kondwani25: Ndiye chipinda chotsekacho n'chachiyani ngati kulibe kanthu? Munthu sutsekera chitseko nyumba yopanda katundu.

Aphunzitsi a ku Zomba: Kondwani mwana wanga, pamenepo walasa. Kubisa amabisadi, ndipo kunama ananamadi, kangapo konse. Aliyense wokuuza kuti boma la America lakhala likunena zoona pa nkhani imeneyi sanawerenge mbiri yake. Pamene ine ndi iwe tasiyana ndi pa katundu amene ali m'nyumbamo.

Tiyambire ku Roswell poti ndi kumene aliyense amathamangirako. Mu 1947 bambo wina woyang'anira famu ya nkhosa ku New Mexico, Mac Brazel, anapeza zinyenyeswazi zitamwazika m'tchire: mphira, timitengo, mapepala onyezimira. Anakanena, asilikali anabwera kudzatola. Pa 8 July ofesi ya asilikali a ku Roswell inatulutsa chikalata chonena kuti apeza mbale youluka. Tsiku silinathe, General Roger Ramey ku Fort Worth anaitana atolankhani n'kunena kuti ayi, chinali chibaluni choyezera nyengo, anajambulitsa ndi zithunzi zomwe. Nkhani inafera pomwepo kwa zaka pafupifupi 30, mpaka Jesse Marcel, msilikali amene anakatola zinthuzo, atayamba kulankhula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Mu 1994 ndi pamene asilikali anadzaulula kuti za chibaluni cha nyengo zija sizinali zoona zenizeni. Chinali chida cha ntchito yachinsinsi yotchedwa Project Mogul. Ankamangirira mabaluni ambiri pa chingwe chachitali, n'kupachikapo zomvetsera, kuti zikakwera m'mwamba kwambiri zizimva kugunda kwa bomba la nyukiliya ngati a Soviet Union ayesa lawo. Nthawi imeneyo America yokha ndi imene inali ndi bombalo, a Soviet anadzaphulitsa lawo mu August 1949. Komanso gulu la asilikali lomwe linkakhala ku Roswell, la nambala 509, ndi lomwe lija linaponya mabomba ku Hiroshima ndi Nagasaki. Malo otero ngakhale mbewa ikadutsa amaifunsa chiphaso.

Kondwani25: Koma aphunzitsi mwasiya mbali ina. Phungu wa ku New Mexico, Steven Schiff, atapempha ofesi yofufuza za boma kuti ikaone mafaelo, lipoti lawo la 1995 linati mauthenga omwe ankatuluka ku Roswell m'zaka zimenezo anawonongedwa. Bwanji akuwonongeka a ku Roswell komweko?

Aphunzitsi a ku Zomba: Ndi zoona, anawonongedwadi, kuyambira a 1946 mpaka a 1949, osati a sabata imeneyo yokha. Zimenezo zimandikayikitsa nanenso. Koma faelo yosowa siikuuza zomwe zinalembedwamo. Iweyo ukuikamo alien, wina akhoza kuikamo kalaliki waulesi.

Mai Busa: Ine ndingonena kuti zinthu zimenezi ndi mizimu yoipa ya masiku otsiriza. Tizipemphera, tisamazitengere.

Jimmy wa Kabaza: Kwathu kuno ndege ikagwa usiku timaipeza m'mawa ili lichero, woyendetsa ali pambali chibadwire. Palibe General amabwera kudzatola 😂

Admin: Jimmy, za malichero zili ndi tsiku lake. Pitirizani aphunzitsi.

Aphunzitsi a ku Zomba: Chimene chinanditsegula maso ine si Roswell, ndi ndege ya U-2. Mu 1955 a CIA, bungwe la ukazitape la America, anayamba kuyesa ndege yaukazitape pa chigwa chouma cha Groom Lake ku Nevada, malo amene lero aliyense amawadziwa kuti Area 51 (osati ma Area athu a ku Lilongwe, Kondwani). Ndegeyi inkauluka kupitirira mamita 18,000 m'mwamba, pomwe ndege zonyamula anthu masiku amenewo zinkathera pakati pa mamita 3,000 ndi 6,000. Tsono taganiza. Ndi madzulo, woyendetsa ndege ya anthu dzuwa lamulowera kale, ali mu mdima. Kumwamba kwake, kutali kumene iye anaphunzitsidwa kuti kulibe ndege ingafike, kuli chinthu chomwe dzuwa likuchiwombabe, mapiko ake asiliva akunyezimira ngati chikuyaka. Achita chiyani? Alemba lipoti.

Malipoti amenewo ankapita ku Project Blue Book, ofesi ya asilikali a m'mlengalenga ku Wright-Patterson m'chigawo cha Ohio, yomwe inagwira ntchito kuyambira 1952 mpaka 1969. Ofufuza aja ankatha kufunsa mwakachetechete ngati U-2 inauluka tsiku limenelo dera limenelo. Akapeza kuti eya, sakanamuuza munthuyo zoona. Ankamuuza kuti munaona timadzi toundana m'mitambo, kapena kuti ndi mpweya wotentha ndi wozizira unasinthana malo. Wolemba mbiri wa CIA yemweyo, Gerald Haines, analemba mu 1997 kuti malipoti oposa theka a kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi za m'ma 1960 anachokera ku ndege zaukazitape zimenezi. Ena amati chiwerengero chimenecho anakokomeza, ndipo mwina n'zoona, koma mfundo yake siisuntha.

Ndiye ona chimene chinachitika kwa munthu wamba. Anaonadi chinthu. Maso ake sanamunamize. Boma linamuuza kuti ndi nyengo, iye mumtima akudziwa kuti nyengo sioneka choncho. Kuyambira tsiku limenelo salikhulupiriranso boma, ndipo sakulakwa. Koma poti sakudziwa za U-2, mpata umene watsalawo amaudzaza ndi alendo a ku nyenyezi. Ndipo dzina loti Area 51 a CIA anadzalivomereza poyera mu 2013, dziko lonse litalidziwa kalekale.

NaBanda wa ku Chilomoni: Eee koma aphunzitsi mumasunga zinthu m'mutu. Ndiye Blue Book inapeza chiyani pomaliza?

Aphunzitsi a ku Zomba: Malipoti 12,618, ndipo 701 anatsala osadziwika chimene chinali. Anatseka mu December 1969 akatswiri a University of Colorado atanena kuti kupitiriza sikungapindulire sayansi kanthu.

Kondwani25: 701! Mwaona? Ngakhale imodzi yokha ikakhala yeniyeni zakwana.

Mtolankhani: Kusadziwika sikutanthauza kuti anali ma alien. Koma ndiwonjezere pa za aphunzitsi, chifukwa pali chinthu chimene ine ndimachiona choipa kuposa bodza la U-2. Mu July 1952 ma radar a ku Washington anaonetsa zinthu zachilendo masabata awiri otsatizana, ndege zankhondo zinadzutsidwa, manyuzipepala anachita nazo misala. Mu January 1953 a CIA anasonkhanitsa asayansi motsogozedwa ndi H. P. Robertson. Iwo anati zinthuzo sizikuopseza dziko, chimene chikuopseza ndi malipoti akewo. Mantha awo anali oti tsiku limene a Soviet adzabwere ndi ndege zenizeni, mafoni ndi njira zonse zotumizira mauthenga zidzakhala zitadzaza ndi anthu onena za mbale zouluka. Ndiye analangiza kuti anthu aphunzitsidwe kuipeputsa nkhaniyi kudzera m'mawailesi, makanema ndi magazini, mpaka anatchulamo kampani ya Disney kuti ingathandize. Analangizanso kuti magulu a anthu wamba ofufuza za ma UFO (zinthu zouluka zosadziwika) aziyang'aniridwa.

Kunena mwachidule, anaganiza zoisandutsa nkhani yoseketsa. Ndipo zinatheka, mwina kuposa mmene ankafunira. Mu 1966 katswiri wawo wa zakuthambo, J. Allen Hynek, atauza anthu a ku Michigan kuti mwina anaona mpweya wa m'dambo ukuyaka, anthu anakwiya mpaka Gerald Ford, ali phungu nthawi imeneyo, anapempha kuti Nyumba ya Malamulo ifufuze. Hynek yemweyo pambuyo pake anatembenuka n'kuyamba kudzudzula mmene asilikali ankaigwirira ntchitoyi.

Sajeni Wopuma: Ndakhala ndikungowerenga, tsopano ndilankhuleko monga munthu woti yunifolomu ndinaivalapo. Kuseka kumene akunena a Mtolankhaniku ndi poizoni pa ntchito yathu. Uli pa ulonda usiku, 2 koloko, waona kuwala kwachilendo chakumpanda. Buku la malipoti lili patebulo, cholembera chili m'thumba. Umayamba waganiza. Ndikalemba, m'mawa bwana andifunsa kuti unamwa chiyani, kapena unali kulota uli chiimire? Anzako akupatsa dzina loti udzafa nalo. Ndiye umangolemba kuti zonse zili bwino, n'kusainira. Tsono ngati mlonda wa pageti amaopa choncho, kuli bwanji woyendetsa ndege yankhondo, amene dokotala akangokayikira mutu wake basi ndege saikweranso?

Pa msonkhano womwe uja wa Grusch panalinso Ryan Graves, amene ankayendetsa ndege yankhondo ya F/A-18. Iye sanakambe za matupi. Anati iye ndi anzake ankakumana ndi zinthu zosadziwika m'dera lawo lophunzirira kufupi ndi Virginia cha m'ma 2014 ndi 2015, ndipo ambiri sankanena poopa kuwononga ntchito. Kwa ine umboni wofunika tsiku lija unali umenewo. Ngati chinthucho ndi drone ya dziko lina ikujambula mmene mumaphunzirira nkhondo, ndiye kuti mdani wapeza chovala chabwino kwambiri, chifukwa msilikali wanu yemwe akuchita manyazi kumunena. Asilikali apamadzi anadzakonza njira yatsopano yoperekera malipoti mu 2019.

Jimmy wa Kabaza: Bwana Sajeni, ndiye inuyo munalemba kapena simunalembe?

Sajeni Wopuma: Iwe Jimmy, palasa njinga. Ndipitirize. Taonani za chibaluni cha ku China chija. Chinadutsa dziko lonse la America anthu akuchijambula ndi mafoni, mpaka ndege ya F-22 inachigwetsa pa 4 February 2023 kunyanja kufupi ndi South Carolina. Mkulu wa asilikali oteteza mlengalenga nthawi imeneyo, General Glen VanHerck, anavomera kuti mabaluni ena anadutsapo m'mbuyomo iwo osawaona. Chifukwa chake n'chosavuta. Radar imaona zinthu zambirimbiri, mbalame, mitambo, ndiye amaitchera kuti izitaya zoyenda pang'onopang'ono n'kumangoonetsa zothamanga ngati ndege ndi mizinga. Atangoimasula, sabata yotsatira anaona zinthu zitatu, ku Alaska, ku Yukon ndi pa Lake Huron, n'kuziwombera zonse ndi mizinga ya ndalama pafupifupi madola 400,000 umodzi. Wina unaphonya n'kuphonya. Kenako Biden, pulezidenti wa nthawi imeneyo, anadzanena kuti mwina anali mabaluni a makampani kapena a anthu ofufuza zanyengo. Chinsinsi china chimene asilikali amasunga ndi manyazi, kuti pali zinthu zimadutsa pamutu pawo iwo osadziwa.

Kondwani25: Chabwino, mabaluni ndamva. Nanga za Commander David Fravor? November 2004, kufupi ndi San Diego. Radar ya sitima ya USS Princeton inakhala ikuona zinthu zikutsika kuchokera mamita 24,000 kwa masiku angapo. Anatumiza ndege ziwiri kuchokera pa USS Nimitz, anthu anayi. Masana, kunja kuli mbee. Anaona chinthu choyera, chotalika ngati mamita 12, chopanda mapiko, chopanda utsi, chikuyendayenda pamwamba pa madzi omwe ankawinduka. Fravor atatsika kuti achiyandikire, chinayamba kukwera momutsanzira, kenako zii, chasowa. Ameneyu anali mkulu wa gulu lonse la ndege, si munthu wa pa bawa. Alex Dietrich amene ankayendetsa ndege inayo akunena zomwezo. Chibaluni chimenecho?

Aphunzitsi a ku Zomba: Imeneyo ndi nkhani yolimba kuposa zonse zimene watchula, ndipo mpaka lero palibe waimasulira mokhutiritsa aliyense. Koma ona chimene asilikali anachita nayo. Sipanabwere anthu a masuti akuda kudzamuopseza Fravor. Iye mwini amati atabwerera pa sitima anzake anangomuseka, ndipo palibe anamuitana kuti afufuze bwinobwino. Nkhani inagona zaka 13. Boma loti likusunga zombo za alendo m'chipinda likanaitaya choncho?

Tadala wa ma Drone: Ndilowereko pa makanema atatu aja a zinthu zouluka zosadziwika amene a Pentagon (likulu la asilikali a America) anawavomereza mu April 2020, chifukwa anthu amawatumiza ngati umboni wosatsutsika. Ine ntchito yanga ndi youlutsa ma drone, kamera ya m'mwamba ndimakhala nayo tsiku lililonse. Tengani kotchedwa GoFast, ka 2015. Mukakaonera mumaona kadontho koyera kakuthamanga kwambiri pamwamba penipeni pa nyanja. Koma manambala ali pa sikirini pomwepo: kutalika kwa ndege, mtunda wokafika pa chinthucho, ndi mmene kamera yapendekera. Mukawerengera, chinthucho sichili pafupi ndi madzi ayi, chili pa mamita pafupifupi 4,000, pakatikati pa ndege ndi nyanja. Zili ngati uli m'basi ya ku Mzuzu wayang'anitsitsa mtengo umodzi wapafupi ndi msewu, phiri la kumbuyo kwake limaoneka ngati likuthawa, chonsecho akuthamanga ndiwe. Gulu la akatswiri limene NASA inasonkhanitsa linawerengera mu 2023 n'kupeza liwiro la makilomita pafupifupi 65 pa ola, lomwe ndi liwiro la mphepo kumtunda kumeneko.

Sindikunena kuti oyendetsa ndege aja ndi opusa. M'mlengalenga mulibe mtengo kapena nyumba yoti uyerekezere kukula kwa chinthu. Ngakhale ine drone yanga yomwe, yoti ndikuidziwa kukula kwake, ikapita patali ndimalephera kunena ngati ikubwera kapena ikupita mpaka nditayang'ana pa sikirini.

NaBanda wa ku Chilomoni: Ngati tsiku lija kunadutsa nyenyezi zitandandalika pamzere, anthu kuno mpaka kugwada m'misewu.

Tadala wa ma Drone: Amenewo ndi ma setilaiti a Starlink akangowaponya kumene, asanabalalike. Oyendetsa ndege nawonso amawanena ngati ma UFO.

Mtolankhani: Ndipo tisaiwale mmene makanemawo anatulukira. December 2017 nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti Pentagon inali ndi ndondomeko yofufuza zimenezi mwakachetechete, ya madola 22 miliyoni. Anaipezera ndalama ndi Senator Harry Reid wa ku Nevada, ndipo zambiri mwa ndalamazo zinapita ku kampani ya Robert Bigelow, mnzake wa Reid wakalekale amenenso amakhulupirira kwambiri za ma alien. Ife Amalawi pamenepa sitifuna womasulira.

Admin: A Mtolankhani, mwayandikira mpanda wa ndale. Bwererani pang'ono.

Nachisale ku Ipswich: Moni nonse, ndangoweruka kumene. Kuno ndili pafupi ndi nkhalango ya Rendlesham, imene amati Roswell ya ku Britain. Ndinapitako ndi ana, kuli kanjira koyenda pansi ka alendo, kumathero anaikako chosema cha chombo, ana amakwerapo n'kumajambulitsa. Nkhani yake ndi ya December 1980. Asilikali a ku America omwe ankakhala pa bwalo la ndege zankhondo la RAF Woodbridge anaona kuwala m'nkhalangomo, ena anati anaona chombo chitatera. Usiku wina, wachiwiri kwa mkulu wa pamalopo, Lieutenant Colonel Charles Halt, anapita yekha ndi gulu lake atatenga chojambulira mawu, ndipo mu January 1981 analembera kalata unduna wa zachitetezo wa Britain. Kalatayo anthu anadzaiona mu 1983, ndipo inatulukira ku America kudzera mu lamulo lakumeneko lopatsa anthu ufulu wopempha zikalata za boma. A kuno ankangoti nkhaniyi ilibe kanthu pa chitetezo cha dziko.

Anthu okayikira amaloza nsanja younikira sitima ya ku Orfordness, yomwe inkaphethira masekondi 5 aliwonse chakumene asilikaliwo ankayang'ana. Anaigwetsa mu 2020 nyanja itayamba kuidya. Mzungu wina wachikulire amene ndimamusamalira anandiseka nditamufunsa. Anati mwana wanga, aliyense kuno ankanong'ona kuti pa malo ena a asilikali a Bentwaters, pafupi pomwepo, pankasungidwa mabomba a nyukiliya, ndipo boma silinkavomera kapena kukana. Ukuganiza akanalola atolankhani azifunsa mafunso ambiri za malo amenewo?

Ofesi yawo yolandira malipoti a ma UFO anaitseka mu 2009. Chaka chimenecho analandira malipoti oposa 600, ambiri anali nyali zamapepala zija amaulutsa pa maukwati. Mafaelo anawapereka ku National Archives ku Kew, aliyense akhoza kuwerenga.

Malume a ku Mabvuku: Ana anga, nkhani imeneyi musaiyese ya azungu okha. Ine ndinabadwira kuno ku Harare, bambo anachokera ku Dedza. Usiku wa pa 14 September 1994 tinaona moto ukudutsa kumwamba, kutsogolo chimutu chowala, kumbuyo tizidutswa tikuthothoka, osamveka phokoso. Tinatuluka tonse m'nyumba, amayi ena akulira. Mawa lake pa wailesi nkhani inali yomweyo, anthu akuimba mafoni kuchokera mbali zonse. Akatswiri anadzati chinali chidutswa cha roketi ya ku Russia chikupsa pobwerera. Patangopita masiku awiri, pa 16, ana pafupifupi 60 a pa Ariel School ku Ruwa, kuseri kwathu konkuno, anati pa nthawi yopuma anaona chombo chitatera kutchire ndi tianthu ta maso akuluakulu. Mayi Cynthia Hind anapita kukawajambulitsa zithunzi za zimene anaona, kenako kunabwera John Mack, dokotala wa zamaganizo wa ku Harvard. Ambiri mwa ana aja ndi akuluakulu tsopano ndipo sanasinthe mawu. Ena amati dziko lonse linali litatenthedwa kale mutu ndi moto uja, komanso anawo anafunsidwa ali pagulu, wina akumva za mnzake. Ine sindiweruza.

Koma chimene ndimafuna kunena ndi cha 1985. Mu July chaka chimenecho anthu ku Bulawayo ndi madera ozungulira anaona chinthu chowala kumwamba. Asilikali anadzutsa ndege ziwiri za Hawk kuchokera ku Thornhill ku Gweru, koma chinthucho chinali pamwamba poti sakanafika. Akuluakulu a asilikali a m'mlengalenga anauza atolankhani poyera kuti anthu athu achiona ndipo sitikudziwa kuti n'chiyani. Palibe anabisa, palibe ananamizira nyengo.

Aphunzitsi a ku Zomba: Zikomo malume, mwandithandiza. Zimbabwe inalibe ndege yachinsinsi yoti iiteteze kumwambako, ndiye kunena kuti sitikudziwa sikunawatayitse kanthu. A ku France nawo anaipereka ntchitoyi ku bungwe lawo la zamlengalenga, osati kwa asilikali, kuyambira 1977, ndipo mu 2007 anaika mafaelo pa intaneti. Osadziwika amatsala pafupifupi 3 pa 100 aliwonse, ndipo sumva anthu akuti Paris ikusunga mitembo ya alendo.

Kondwani25: Komatu Grusch akuti anthu 40. Onsewo anaona U-2? Onsewo ndi amisala?

Mtolankhani: Ayi, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imandinyansa. Pali umboni woti nthawi zina asilikali sankangobisa, ankachita kudyetsa anthu nkhani za ma alien mwadala. Paul Bennewitz anali wabizinesi ya zamagetsi ku Albuquerque, nyumba yake inayang'anizana ndi malo a asilikali a Kirtland. Cha m'ma 1980 anayamba kujambula kuwala kwachilendo ndi kutola ma siginolo pa zida zake. Monga nzika yabwino anapita kukawauza asilikali. Richard Doty, amene anali wofufuza wa asilikali a m'mlengalenga pamalopo, wakhala akunena poyera kuti m'malo momuuza kuti asiye, anamulimbikitsa kuti ndi alendo ndithu, n'kumamupatsa zikalata zabodza. Bamboyo anazikhulupirira mpaka mutu unasokonekera, abale ake anakamugoneka kuchipatala cha amisala mu 1988. Nkhani zambiri zimene zimazungulira lero, za malo apansi panthaka ndi mapangano a boma ndi ma alien, zina mizu yake ili pamenepo.

Ndiye mu June 2025 Wall Street Journal inalemba zimene ofufuza a ofesi yofufuza za ma UFO ya AARO, imene Pentagon inakhazikitsa mu 2022, anapeza koma sizinalowe mu lipoti lawo la March 2024. Inati m'zaka za m'ma 1980 Colonel wina anapita pa bawa ina kufupi ndi Area 51 n'kupereka zithunzi zopanga za mbale zouluka, cholinga anthu akaona ndege zosaoneka pa radar zikuyesedwa aziti ndi alendo. Inatinso kwa zaka zambiri akuluakulu ena ankalandira anzawo atsopano pa ntchito zachinsinsi powaonetsa chithunzi cha chombo, kuwauza kuti tikuphunzira mmene chinapangidwira, n'kuwasainitsa kuti akadzangoulula akalowa ndende. Anali masewera omuzunza wachilendo, koma ambiri sanauzidwe kuti anali masewera. Anapuma ntchito akukhulupirira, osauza ngakhale akazi awo.

Tsono Kondwani, munthu wotereyo akakumana ndi Grusch, amuuza chiyani? Amuuza ndi misozi kuti ndinaona chithunzi, ndinasainira. Sakunama. Grusch naye sakunama.

Kondwani25: Kapena nkhani ya masewerayo ndiye bodza latsopano lophimbira zenizeni. Mwanena nokha kuti ananama 1947, ananama za U-2, anabisa zina mu lipoti la 2024. Lero ndiwakhulupirire chifukwa chiyani?

Sajeni Wopuma: Pamenepo mnyamatayu sindingamutsutse.

Aphunzitsi a ku Zomba: Nanenso ayi. Usawakhulupirire pa mawu awo. Ine chimene ndimayang'ana ndi chakuti nthawi zonse chitseko chikatsegulidwa mokakamiza, ndi makhoti, ndi aphungu, kapena zaka zikakwana, chimene chimapezeka mkatimo ndi cha anthu: chibaluni, ndege, radar, ndalama yopita kwa mnzake. Sipanapezekepo ngakhale bawuti imodzi yoti asayansi a mayiko ena aiyeze n'kunena kuti iyi si yapadziko pano. Ndipo mlengalenga si wa America yokha. Zombozo zingamagwere ku Nevada ndi New Mexico kokha, osagwako ku Mulanje kapena ku India?

Mai Busa: Zisagwe ku Mulanje chonde, kuli kale zokwanira.

Mtolankhani: Aphungu anayesako. Mu 2023 Chuck Schumer ndi Mike Rounds anabweretsa lamulo loti pakhale gulu loima palokha lounika mafaelo onse ndi kuwatulutsa. Pofika podutsa linali litadulidwa mano, gulu lija analichotsamo. Chinatsala n'chakuti nthambi za boma zizitumiza zikalata za nkhaniyi ku National Archives yawo. Ndipo lamulo lililonse lotere limakhala ndi khomo lakumbuyo lolembedwa kuti chitetezo cha dziko. Ngakhale lathu lija lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, khomo limenelo lilimo.

Kondwani25: Ndiye atulutse za radar ya Princeton basi, Tadala atiwerengere ngati wachitira GoFast. Zikapezeka kuti ndi chibaluni ndidzagula fanta gulu lonse.

Tadala wa ma Drone: Ndasunga uthengawu 😂

Sajeni Wopuma: Fanta ameneyo simumwa msanga. Ngati zolembedwa za tsiku limenelo zikadalipo n'komwe, kuzitulutsa ndi kuuza China ndi Russia kuti radar yathu imaona kuchokera patali bwanji, imaona kanthu kakang'ono bwanji, ndipo imasokonezeka ndi chiyani. Radar ya pa Princeton ndi ya mtundu wa SPY-1, ndipo ikadali pa sitima zawo zankhondo zambiri mpaka lero, kuphatikizapo zina za Japan ndi South Korea.